Mzati wachitsulo si umene ukukulepheretsani kufika pa repeater

Wina wandilembera imelo ndi funso lomwe limandipsetsa mtima nthawi zonse ndikalimva. Ali ndi wailesi yam'manja yolankhulirana (ya amateur radio) ya mawati 5, wadzipangira eriyo ya bandi ya 2 m (mafunde a cha pa 145 MHz), koma repeater, siteshoni yolandira mawu n'kuwaulutsanso kuti afike kutali, yomwe ili pa mtunda wa makilomita 40 ikumukana. Anzake amuuza kuti chitsulo chimadya mafunde, choncho akufunsa ngati azule mzati wachitsulo n'kuimika paipi ya PVC.

Ayi ndithu, achimwene, musazule. Chitsulo chomwe chili pansi pa eriyo sichidya kanthu, ndipo eriyo ya repeater mukuifunayo nthawi zambiri imakhala pa nsanja yachitsulo. Vuto limabwera ngati waya woulutsa mafunde wagona pambali pa mzati, moyandikana nawo. Pamenepo SWR, muyezo wa mphamvu yobwerera kuchokera ku eriyo, imasokonekera ndipo mafunde amakankhidwira mbali imodzi. Eriyo ikhale pansonga penipeni, mbali youlutsayo itapitirira chitsulo chonse. Mukakakamizika kuimanga pambali, muitalikitse ndi theka la mita kapena kuposerapo.

Chondinyansa n'chakuti anthu amakangana za mzati tsiku lonse, koma palibe amene amafunsa za chingwe cholumikiza wailesi ndi eriyo. Chingwe chopyapyala cha RG-58 chikatalika mamita 20, pa 145 MHz chimameza mphamvu yopitirira theka. Mawati 5 anu aja amafika pa eriyo ali pafupifupi 2. Chokhuthala cha RG-213 pa utali womwewo chimafikitsa mawati opitirira 3. Pa bandi ya 70 cm n'kosayamba, RG-58 imatha theka pa mamita 10 okha. Kutayikaku kulinso pomvera, osati polankhula pokha. Ndiye munthu wakulunga mamita 8 a chingwe chotsala kuseri kwa tebulo poopa kuchidula, kenako n'kumaimba mlandu paipi. Dulani chingwecho.

Kodi repeater imeneyo mumaimva anthu akamalankhula? Ngati mumaimva bwinobwino koma inu simukuitsegula, yambani mwaona mabatani musanakwere padenga. Repeater imamvera pena n'kuulutsa pena, ndipo pa 2 m kusiyana kwake kumakhala 600 kHz: ikamaulutsa pa 145.650, inu mulankhule pa 145.050. Zambiri zimafunanso kamvekedwe kapansipansi ka CTCSS, monga 88.5 Hz, kuti zitseguke. Mukaika kolakwika, ngakhale mawati 50 sathandiza. Ndipo chonde, poyesa muzitchula callsign yanu, dzina la zilembo ndi manambala la pa laisensi yanu. Khalidwe lomangodina batani n'kusiya kuti mumve repeater ikuti tswee ndi lonyoza anzanu, komanso laisensi yanu siyilola kuulutsa osadzitchula.

Chinanso, eriyo iimirire chilili. Ma repeater a FM amagwiritsa ntchito maeriyo oimirira, ndipo yanu ikagona chopingasa mutha kutaya mpaka 20 dB, kutanthauza kuti pa magawo 100 patsala limodzi. Ngati ndi ya ground plane, ya waya mmodzi woimirira ndi miyendo patsinde pake, waya woimirira ukhale masentimita 49, miyendo inayi yautali womwewo itapindikira pansi madigiri 45. Kupindako n'kumene kumaifikitsa pafupi ndi ma ohm 50 omwe wailesi ndi chingwe zimafuna. SWR ikakhala pansi pa 1.5 isiyeni, musamangodula waya kufunafuna 1.0.

Koma chachikulu kuposa zonsezi ndi kutalika. Mafunde a VHF, monga a 2 m awa, amayenda pafupifupi ngati maso, ndipo dziko n'lozungulira. Masamu ake ndi awa: tengani square root ya kutalika kwa eriyo m'mamita, muchulukitse ndi 4.1, mupeza makilomita. Repeater ikakhala mamita 50 pamwamba pa dera lozungulira imafika makilomita 29. Wailesi ili m'manja mwanu, pa mita imodzi ndi theka, imaonjezera 5 okha, pamodzi 34. Simunafike. Eriyo ikakwera mamita 9 imaonjezera 12, pamodzi 41. Mwaona? Mamita ochepawo ndi amene akukusiyanitsani ndi repeater, bola pasakhale phiri pakati. Apa ndi pamene PVC imagonja. Paipi yamadzi ikatalika kupitirira mamita awiri imawerama dzuwa likatentha, mphepo imaigwedeza, ndipo kuwala kwa dzuwa kumaiumitsa mpaka kuthetheka ngati chikho. Ine sindingaimikepo eriyo yokhalitsa. Ntchito yake ndi kukhala kachidutswa kakafupi pamwamba pa chitsulo, kapena chovindikira eriyo ya waya.

Za mzatiwo

Paipi yachitsulo ya galvanized, yokhuthala mamilimita 40 mpaka 50, ndiyo yabwino. Aluminiyamu ndi yopepuka poimika, fiberglass nayo ilibe vuto. Imangeni kukhoma ndi mabulaketi awiri otalikirana theka la mita kapena kuposa, chifukwa limodzi lokha limazula njerwa. Mzati ukapitirira bulaketi lapamwamba ndi mamita oposa atatu, ukokeni ndi zingwe zitatu zotalikirana madigiri 120. Kopa asakhudzane ndi aluminiyamu kapena galvanized: mvula ikanyowetsa, zitsulo ziwirizo zimakhala ngati batire ndipo chofookacho chimadyeka. Ikani chidutswa cha stainless pakati. Mabauti a stainless muwapake girisi, apo ayi amagwirana osamasukanso.

Pulagi ya PL-259, yolumikizira chingwe ku eriyo, imalowa madzi. Ikulungeni ndi tepi ya labala yodzimata yokha, pamwamba pake tepi yakuda yamagetsi, kuyambira pansi kukwera m'mwamba kuti madzi azitsetsereka. Chingwe chisanalowe m'nyumba chipindeni chitsike pang'ono kuti madontho azigwera panja. Madzi akalowa, mawaya oluka am'kati amada, ndipo SWR imatha kuoneka yabwino pamene mphamvu ikuthera m'chingwe.

Mzati ulumikizidwe ndi waya wokhuthala wa 16 mm², wosapindikapindika, kukafika pa ndodo yokutidwa ndi kopa ya mamita 2.4 yokhomeredwa m'nthaka. Kukayamba ziphaliwali, masulani chingwe pa wailesi. Poimika, talikiranani ndi mawaya amagetsi kuwirikiza kawiri kutalika kwa mzatiwo, ndipo mukhale anthu awiri kapena atatu.