Kodi zotsekemera zopanda shuga zimakathera kuti?

FUNSO: Ndili ndi matenda a shuga, ndiye mu tiyi ndimaponyamo timapiritsi totsekemera, ndipo pa ukwati ndimamwa Coke Zero. Mwana wanga wa ku koleji akuti zinthu zimenezi sizigayika m'thupi, zimakathera mumtsinje. Kodi n'zoona? Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Amayi, mwana wanuyo sakunama, kungoti si zotsekemera zonse. Aspartame amagayika m'mimba momwemo. Koma acesulfame, amene ali mu Coke Zero limodzi ndi aspartame, amatuluka ndi mkodzo ali momwe analowera. Sucralose, yemwe amatsekemera kuposa shuga pafupifupi ka 600, wambiri amangodutsa n'kutuluka ndi chimbudzi.

M'mizinda ya zimbudzi zogejemula, madziwo amatsata mapaipi a suweji mpaka kumalo owayeretsera, kumene mabakiteriya amadya zonyansazo. Zotsekemera zina, saccharin ndi cyclamate, zimadyedwa pafupifupi zonse. Sucralose ndiye amawakanika, amatsetsereka ndi madziwo kulowa mumtsinje. Mu 2009 akatswiri a ku Switzerland anapeza acesulfame m'nyanja, m'madzi a pansi pa nthaka, ngakhale m'madzi a pampopi. Mu 2013 a ku Canada anapeza zotsekemera zinayi zonsezi, acesulfame, sucralose, saccharin ndi cyclamate, mumtsinje wa Grand, umene umathira m'nyanja ya Erie.

Musade nkhawa kuti mwaipitsa mtsinje wa Mudi ndi tiyi wanu. Zimene zimapezeka m'madzi n'zochepa zedi, lilime silingazimve, ndipo musabwerere ku shuga musanaonane ndi adokotala anu.

Chimene chimandigwira mtima ine n'chakuti zotsekemerazi zili ngati mapazi a munthu pamatope. Sucralose samera kuthengo ndipo sachokera ku feteleza. Akapezeka m'chitsime, ndiye kuti madzi a m'chimbudzi cha anthu, kapena a pamtaya wa zinyalala, afika pamenepo. Saccharin akachuluka, n'chizindikiro chakuti madziwo sanadutse n'komwe koyeretsera, mwina paipi inaphulika penapake. Kale acesulfame ndiye ankadaliridwa kwambiri pa ntchito yolondolayi, koma ku Germany anaona kuti cha m'ma 2010 mabakiteriya a m'malo oyeretsera suweji anayamba kumudya, ndiye ambiri tsopano amadalira sucralose.

Ndikamadutsa m'makwalala momwe chitsime ndi chimbudzi chokumba zayandikana, mtima umandiwawa, chifukwa njira imene chotsekemera chingadutse pansi pa nthaka ndi yomweyonso imene tizilombo ta kolera timadutsa, ndipo mliri wa 2022 ndi 2023 tonse tikuukumbukira. Ngati madzi anu akumwa mumatunga pachitsime chotere, amayi, muziwawiritsa kapena kuthiramo klorini musanamwe.