Funsani Azakhali: Ndayamba kumenya mwana wanga mmene ankandimenyera ine

Azakhali,

Ndine bambo wa zaka 36, kalipentala mu Lilongwe muno, ndili pabanja ndi ana awiri. Bambo anga anamwalira ndili ndi zaka 5, mayi n'kukwatiwanso. Bambo ondipezawo ankandimenya pafupifupi tsiku lililonse. Mbuzi ikalowa m'munda mwa eni, ankandimangirira pa mtengo wa mango n'kundikwapula ndi mphira wa njinga, kenako ndigone ndi njala m'khitchini. Mayi ankangoyang'ana kumbali. Ndinathawa pakhomopo ndili ndi zaka 15.

Mwezi watha mwana wanga wa zaka 7 anagwetsa chitini cha vanishi pa tebulo la kasitomala. Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinamumenya ndi kathabwa mpaka anadzikodzera. Pano akandiona amabisala kumbuyo kwa amayi ake. Usiku sindigona pokhapokha nditamwa, ndipo ndimalota ndili pamtengo paja. Nthawi zina ndimaganiza kuti ana angawa angakule bwino ine kulibe.

Tsopano bambo ondipeza aja akudwala kumudzi. Mayi akuti ndipite ndikawasamalire poti anandilera ndi iwowo. Akulu a mpingo akuti ndikhululuke, madzi akatayika saoleka. Mkazi wanga zonsezi sadziwa. Kodi ndinalodzedwa, kapena ndi mmene ndinabadwira? Nanga kumudziko ndipite?

Bambo wosowa mtendere, Lilongwe

Mwanangu,

Ndiyambira pa mawu amene mwawaika pakati ngati ongodutsa, akuti ana anu angakule bwino inu kulibe. Mawu amenewo sindingawadumphe. Apolisi akamatulutsa chiwerengero cha anthu odzipha m'dziko muno, ochuluka kwambiri amakhala amuna. Ngati maganizowo afika poti mwayamba kulingalira njira yake, musadikire kumaliza kuwerenga yankho lino. Pitani lero lomwe ku chipatala chapafupi, mukauze dokotala mawu omwe mwandiuzawa osabisa. Ngati m'nyumba muli mankhwala a makoswe kapena a m'munda, apatseni akazi anu akasunge kwina. Ana anu sangakule bwino inu kulibe. Inuyo mukudziwa kuposa ine zimene zimagwera mwana bambo ake akamwalira iye ali wamng'ono.

Simunalodzedwe, ndipo simunabadwe choncho. Mu 2013 boma linachititsa kafukufuku wa nkhanza zochitikira ana m'Malawi muno. Anapeza kuti anyamata pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse, ndi atsikana awiri mwa asanu aliwonse, anachitiridwapo nkhanza zomenyedwa asanakwanitse zaka 18. Mtsikana mmodzi mwa asanu ndi mnyamata mmodzi mwa asanu ndi awiri anachitiridwapo nkhanza zokhudza kugonana. Ana a mu kafukufuku uja lero ndi makolo. Mumakwera nawo minibasi, mumapemphera nawo, ena amabwera kudzaoda mipando kwa inu. Sanena chabe, chifukwa tonse tinakula tikumva kuti mwamuna salira ndiponso kuti za m'nyumba saulula.

Chimene chinakugwirani tsiku lija ndingachifotokoze motere. Mwana amene akukula akudikira chikwapu, thupi lake limaphunzira kukhala tcheru usana ndi usiku. Chitseko chikangolira, mtima umathamanga, manja amatuluka thukuta, thupi limatulutsa timadzi topatsa mphamvu totchedwa adrenaline kuti athawe kapena adziteteze. Kwa kamnyamata ka pamtengo wa mango kaja, zimenezi zinali zothandiza. N'zimene zinakuthandizani kudziwa tsiku limene bambo aja abwera atalusa. Vuto n'lakuti thupi silidziwa kuti munasamuka. Wolumidwapo ndi njoka amalumpha akaona chingwe. Vanishi atatayika, mutu wanu unaona tebulo la kasitomala, koma thupi lanu linamva kuti chinthu chalakwika ndipo wina amenyedwa tsopano lino. Maloto obwerezabwereza, kusowa tulo, kudzidzimuka ndi kupsa mtima mwadzidzidzi ndi zizindikiro zimene madokotala amaziona mwa anthu amene anadutsa m'zoopsa, ndipo zikakula amati ndi matenda a maganizo otchedwa PTSD. Sindingakuyezeni kudzera m'kalata, koma zimene mwalembazi n'zodziwika ku chipatala, ndipo zili ndi chithandizo.

Tsopano ndinene chowawa. Zimene munachitira mwana wanu ndi nkhanza. Kufotokoza kumene zachokera sikuchepetsa ululu wa kathabwa kaja pa thupi la mwana wa zaka 7. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limamuteteza iyeyo ngakhale kwa bambo ake omubereka. Koma ndaona chinthu m'kalata yanu chimene sichinaoneke mwa bambo okupezani aja: inu mwaona mwana akubisala, mtima wanu n'kusweka, n'kutenga cholembera. Pamenepo ndiye poyambira.

Muuzeni mkazi wanu. Ndikudziwa kuti n'zolemera, koma taganizani mmene iye akuonera zinthu panopa. Mwamuna wake wamenya mwana mpaka kudzikodzera, akumwa usiku uliwonse, akubuula kutulo, ndipo chifukwa chake sakuchidziwa. Mwina akudziimba mlandu, mwina wayamba kale kuganiza zotenga ana kupita kwawo. Simukuyenera kufotokoza zonse tsiku limodzi. Ana akagona, muli osamwa, nenani kuti: "Pali zimene zinandichitikira ndili mwana, sindinakuuzepo. Ndikufuna undithandize kuti ndisadzamenyenso mwanayu." Kenako mugwirizane chochita. Mukamva mtima wayamba kugunda, nsagwada zalimba, manja akutentha, ikani pansi chimene mwagwira, tulukani panja, ndipo mayiwo asakutsatireni ndi mafunso. Yendani mpaka kumsewu, muzipuma pang'onopang'ono, mpweya wotulutsa uzitenga nthawi yaitali kuposa wokoka. Thupi likalusa limafuna mphindi 20 kapena kuposa kuti litsike. Nkhani ya chimene mwana walakwa muikambe mutabwerako. Ndipo pakadali pano, zolanga ana zisiyireni akazi anu, mopanda chikwapu.

Mwanayo mumupepese. Akuluakulu ena adzati bambo sapepesa mwana, adzakuderera. Ine ndikuti pepesani. Mukhale pansi kuti maso anu afanane ndi ake, amayi ake ali pomwepo, musamugwire ngati sakufuna. Muuzeni kuti: "Ndinakulakwira. Kugwetsa vanishi inali ngozi chabe. Kukumenya kuja ndinalakwa ndine, osati iwe." Mawu omalizawo ndi ofunika kwambiri, chifukwa mwana akamenyedwa ndi munthu amene amamukonda, amaganiza kuti woipa ndi iyeyo. Inu mwasenza maganizo amenewo zaka 30, mpaka mukundifunsa ngati ndi mmene munabadwira. Musayembekezere kuti akuthamangirani mawa. Adzayamba wakuyang'anirani patali, masabata angapo, kuti aone ngati n'zoona. Tsiku lina mukamupatsa sandipepa ndi kachidutswa ka thabwa kuti akhale pambali panu akupalapala, akachita mokhota musamukonze.

Pali kafukufuku amene ndimakonda kuuza anthu ngati inu. Katswiri wina dzina lake Emmy Werner anatsatira ana 698 obadwa mu 1955 pa chilumba cha Kauai ku Hawaii, kuyambira ali makanda mpaka atakula. Mwa ana amene anabadwira m'mavuto aakulu, monga umphawi, makolo oledzera ndi mabanja a ndewu, mmodzi mwa atatu aliwonse anakula bwinobwino. Chimodzi mwa zinthu zimene zinkaoneka kawirikawiri mwa iwo n'chakuti anali ndi munthu wamkulu mmodzi amene ankawasamala, kaya agogo, mphunzitsi kapena woyandikana naye nyumba. Enanso amene anasokonekera pa unyamata anadzakhazikika atakula, ambiri mothandizidwa ndi banja labwino, ntchito kapena mpingo. Ndiye ndikufunseni: mutathawa muli ndi zaka 15, anakupatsani pogona ndani? Anakugwiritsani pulena koyamba ndani? Munthu ameneyo ngati ali moyo mukamuone. Mbiri yanu ili ndi iyeyonso, si bambo okupezani okha.

Za mowa ndinene mwachidule. Umakugonetsani msanga koma umasokoneza tulo ta m'bandakucha, ndipo umafupikitsa mtima mawa lake. Komabe ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, musasiye mwadzidzidzi nokha, chifukwa ena amanjenjemera ngakhale kukomoka kumene. Muwauze a chipatala kuchuluka kwenikweni kwa mowa umene mumamwa.

Kumene mungapite kulipo. Mu Lilongwe muli a St John of God, amene alinso ku Mzuzu, ndipo amathandiza za maganizo ndi za mowa zomwe. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino ophunzira za matenda a maganizo. Kupita kumeneko sikutanthauza misala ayi. Chithandizo chachikulu ndi kukambirana ndi mlangizi wophunzira, ulendo ndi ulendo, mpaka nkhani ya pamtengo ija muziikumbukira thupi osanjenjemera. Ena amawaonjezera mankhwala ngati kukhumudwa kwakula. Poyamba mungamve ngati zikuipiraipira, chifukwa mukutsegula zimene munatseka kalekale. Musathawe pamenepo. Palinso nambala yaulere ya 116, ya Tithandizane Helpline imene amayendetsa a YONECO, yothandiza pa nkhani za ana. Kholo limene likuopa kuti lipweteka mwana wake lingathenso kuimba.

Tibwere ku nkhani ya kumudzi. Ndawerenga kalata yanu kawiri, ndipo mzere umene wandikhudza kwambiri ndi wa mawu atatu: mayi ankangoyang'ana kumbali. Ndikuganiza kuti bala lalikulu lili pamenepo. Mkazi wamasiye wokwatiwanso ali ndi mwana wa mwamuna wina amakhala wamantha. Amaopa kuthamangitsidwa, amaopa njala, ndipo nthawi zambiri naye amakhala akumenyedwa. Zimenezo zingakuthandizeni kuwamvetsa, koma sizifafaniza zoti munali mwana ndipo panalibe wokumasulani chingwe. Muli ndi ufulu wowakwiyira ndi kuwakonda nthawi imodzi. Mawu akuti "anakulera ndi iwowo" akufuna kuti mulipire ngongole, chonsecho nsima imene munadya pakhomo paja munaigwirira ntchito ya ubusa ndi misozi.

Ine ndine wopemphera, ndipo kukhululuka ndimakukhulupirira. Koma akulu a mpingo aja akufulumira. Fupa lokakamiza limaswa mphika. Akukuuzani kuti mukhululuke asanakufunseni n'komwe chimene chinachitika, ndipo sindikumva kuti pali amene wapita kwa odwalawo kukawafunsa ngati akuvomera kuti analakwa. Kukhululuka n'kwanu, kumabwera pa nthawi yake, ndipo sikufanana ndi kubwerera kukagona m'nyumba imene munazunzikiramo. Munthu angathe kusiya kufunira mnzake zoipa koma osakamusambitsa kapena kumudyetsa phala. Ndaonapo anthu amene anapita kukaona wowazunza ali pa mphasa, n'kubwerako atapepukidwa. Ndaonaponso ena amene anapita akuyembekezera mawu akuti pepa, n'kumva akuti "ndinkakuwongola, ukanakhala mbava," ndipo anabwerako atasweka kuposa kale.

Malangizo anga ndi akuti panopa musapite. Munthu amene sakugona, akumwa, ndipo akuganiza za imfa, asapite kukaima pansi pa mtengo umene akuulota. Ngati mtima wanu ukufuna kuthandiza mayi anu, atumizireni ndalama ya mankhwala ndi sopo pa foni, monga mmene mungathere osalanda chakudya cha ana anu. Mukadzayamba kuonana ndi mlangizi n'kuona kuti mwalimba, mungadzapite masana, ndi akazi anu kapena amalume amene mumawadalira, n'kubwerako tsiku lomwelo. Mukadzasankha kusapita n'komwe, simunachimwe. Chimodzi chokha mufufuze: ngati pakhomopo pakukhala adzukulu kapena ana amasiye, funsani mmene akukhalira, ndipo mukamva zokayikitsa dziwitsani ofesi ya Social Welfare ya m'bomalo kapena a Victim Support Unit ku polisi.

Mayi akaimbanso, simukuyenera kukangana nawo kapena kufotokoza zambiri. Auzeni kuti: "Amayi, ndamva. Panopa sindibwera, nanenso ndikulandira chithandizo. Ndalama ya mankhwala nditumiza Loweruka." Akayamba kukuimbani mlandu, tsanzikani mwaulemu n'kudula foni. Mukapita ku chipatala mundilemberenso, ndimve mmene akulandirirani komanso mmene mwanayo akuchitira.

Azakhali anu