Yankho kwa achimwene amene afunsa za netiweki ya apolisi ndi ozimitsa moto ku America

Achimwene, mwafunsa ngati n'zoona kuti ku America apolisi, ozimitsa moto ndi a ambulansi ali ndi netiweki yawoyawo, komanso chifukwa chake sakungokhutira ndi ma ovaova. N'zoona ndithu, dzina lake ndi FirstNet. Koma chiyambi chake ndi maliro.

Pa 11 September 2001, nyumba ziwiri zosanja za World Trade Center ku New York zitawombedwa ndi ndege, ozimitsa moto 343 anafera momwemo. Nyumba imodzi itagwa, apolisi amene anali mu helikoputa anaona kuti nyumba yotsalayo ikhoza kugwa, ndipo anachenjeza anzawo pa wailesi za apolisi. Ozimitsa moto anali ndi wailesi zina, zosamvana ndi za apolisi, choncho chenjezo limenelo silinawafike. Anthu ogwira ntchito imodzi, m'nyumba imodzi, koma osatha kulankhulana. Ine ndikaganizira zimenezi mtima umandiwawa mpaka lero.

Komiti yofufuza za ngoziyi inatulutsa lipoti mu 2004, koma lamulo lokhazikitsa FirstNet linadutsa mu 2012. Boma linaika madola 7 biliyoni ndi kupatula mafunde a 20 MHz m'chigawo cha 700 MHz, amene amatchedwa Band 14. Mafunde otsika chonchi amafika patali komanso amalowa bwino m'makoma. Mu 2017 kampani ya foni ya AT&T inapatsidwa kontirakiti ya zaka 25 yomanga ndi kuyendetsa netiwekiyi.

Apa ndiye pagona nkhani. Ambiri amaganiza kuti ubwino wake ndi liwiro la intaneti. Ayi, ubwino wake ndi kukhala patsogolo pamzere. Mukukumbukira usiku wolowa chaka chatsopano, nthawi ikangokwana 12, mukuyimbira amayi kumudzi, foni n'kumangodula chifukwa aliyense akuyimba? Pa ngozi zimakhala choncho kumene. Munthu aliyense akufunafuna m'bale wake, ena akutumiza mavidiyo, netiweki yadzaza thothotho. Simu ya FirstNet imadutsa onsewo, ndipo malo akasowa, foni za anthu wamba zimachotsedwa kaye pa mafundewo kuti wa ambulansi alankhule.

Nanga ma ovaova? Sanatayidwe, ndipo m'maganizo mwanga sayenera kutayidwa. Ovaova ungodina batani, mawu apita, ndipo ziwiri zikhoza kumvana popanda nsanja pakati. Wozimitsa moto ali mu utsi, atavala magolovesi okhuthala, sangayambe kutosatosa sikirini. Vuto lake n'lakuti ovaova imanyamula mawu basi. Siingatumize mapu a nyumba imene ikuyaka, kapena chithunzi cha kugunda kwa mtima wa wodwala kuti dokotala akonzekere ambulansi isanafike. Ku Britain boma linasainirana ndi kampani ya foni ya EE mu 2015 kuti netiweki ya foni ilowe m'malo mwa wailesi zawo za Airwave, koma ntchitoyo yachedwa ndi zaka zambiri ndipo wailesizo zikugwirabe ntchito.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti FirstNet ili ndi magalimoto onyamula nsanja zolumikizana ndi setilaiti. Mphepo ikagwetsa nsanja, galimoto imapita kukaima pamalopo, netiweki n'kubwerera. Ife amene tinaona namondwe wa Freddy mu March 2023 ku Blantyre tikudziwa tanthauzo lake. Magetsi atazima, foni zatha moto, anthu ku Chilobwe akufukula matope ndi makasu, wina atakweza foni m'mwamba kusaka kamzere kamodzi ka netiweki.

Kuno ndalama zomangira netiweki yapadera tilibe, ndikuvomereza. Koma sitikuyenera kuyambira pamenepo. MACRA, amene amagawa mafunde, atakhala pansi ndi DoDMA (nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi) ndi makampani a foni, akhoza kugwirizana kuti simu za apolisi, zipatala ndi opulumutsa anthu zizidutsa patsogolo netiweki ikadzaza. Kenako galimoto imodzi kapena ziwiri zonyamula nsanja ziziimikidwa ku Chikwawa ndi ku Nsanje mvula isanayambe.