Tifunseni za Sukulu: fizi yagulira malata, silabasi sikutha

*Zikomo a Mkonzi. Mpingo wathu uli ndi sukulu ya pulayimale ya ana 230 ndi aphunzitsi 9. Ndalama za fizi zimasungidwa pamodzi ndi chopereka cha Lamulungu. Mwezi watha zina anagulira malata a tchalitchi, aphunzitsi n'kulandira malipiro mochedwa, pa 17. Ndikafunsa akuti ndikulimbana ndi Abusa. Titani?*
Mayi wa m'komiti, Ntcheu

Mayi, mlanduwo si wa Abusa, ndi wa thumba limodzilo. Ngakhale mutasintha abusa mawa, malata adzagulidwabe ndi fizi.

Yambani ndi pepala. Lembani malamulo oyendetsera sukulu, masamba 4 kapena 5 akwana, onena poyera kuti mwini sukulu ndi mpingo, woyang'anira ndi bodi, woyendetsa tsiku ndi tsiku ndi mphunzitsi wamkulu. Bodi ikhale ya anthu 7 kuti mavoti asafanane: awiri osankhidwa ndi mpingo, makolo awiri osankhidwa ndi makolo anzawo, mphunzitsi kapena PEA (mlangizi wa sukulu za pulayimale m'zoni) wopuma pa ntchito, munthu wodziwa kuwerengera ndalama, ndi Abusa. Ahedi akhale mlembi wosavota, chifukwa munthu sangadziyese yekha. Mpando ukhale wa zaka 3, wowonjezera kamodzi kokha.

Abusa aziyang'anira za uzimu ndipo mawu awo azimveka, koma asakhale wapampando komanso wosainira ndalama nthawi imodzi. Mkhristu amavutika kufunsa lisiti kwa munthu amene amudyetsa mgonero Lamulungu likudzali. Chinanso, abusa amasamutsidwa, ndipo sukulu yoyendera m'mutu mwa munthu mmodzi imasamuka naye.

Kenako akaunti ya kubanki, m'dzina la sukulu, osainira atatu, awiri aliwonse n'kutulutsa ndalama. Makolo azilipira kubanki, kapena pa Airtel Money kapena Mpamba ya sukulu, osati pa foni ya akalaliki. Buku la malisiti likhale la manambala otsatizana, ndipo wolemba malisiti asakhale yemweyo wofananitsa bukulo ndi sitetimenti ya banki kutha kwa mwezi.

Apa ndi pomwe sukulu zing'onozing'ono zambiri zimagwera: fizi imalowa katatu pachaka, malipiro amatuluka ka 12. Choncho teremu iliyonse iyenera kunyamula malipiro a miyezi 4, kuphatikizapo ya tchuthi. Sabata zoyamba za teremu ndalama zimaoneka zambiri, anthu n'kuyamba kulota za malata. Patulani kaye malipiro a miyezi 4 aja, muonjezepo 10 peresenti ya penshoni imene olemba ntchito amasonkha (wantchito amadulidwa 5), osaiwala kutumiza PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, ku MRA. Chotsalacho ndiye cha choko, mabuku ndi kukonza zimbudzi.

Mpingo kufuna kupezako kanthu si tchimo. Ngati sukulu ikugwiritsa ntchito nyumba zake, gwirizanani lendi, ilowe mu bajeti, ilembedwe m'maminitsi. Za malata apita kale aja, pemphani kuti zilembedwe ngati ngongole ya mpingo ku sukulu, ndi tsiku lobweza. Nkhaniyi musaiyambire pabwalo la tchalitchi mukaweruka. Lembani kalata kuti ilowe pa ajenda ya akulu a mpingo. Muli pomwepo onaninso satifiketi yolembetsera sukulu ku Unduna wa Zamaphunziro, monga lamulo la maphunziro la 2013 lifunira, kuti ili m'dzina la yani.

*Ndine mphunzitsi wamkulu watsopano pasukulu ya mpingo. Chaka chatha ana a Sitandade 8 analemba PSLCE asanamalize silabasi ya masamu ndi sayansi. Mapemphero am'mawa amapitirira ndi theka la ola tsiku lililonse, ndipo makolo ena akuti tisiye mabuku a boma titenge a ACE, maphunziro achikhristu a ku America.*
Ahedi, Mchinji

Ahedi, tengani cholembera. Mphindi 30 kuchulukitsa masiku 5 ndi mphindi 150 pasabata, kuposa mapiriyodi 4 a mphindi 35. Ndipo piriyodi yodyedwayo ndi yoyamba, imene kawirikawiri imakhala ya masamu kapena Chingerezi. Musathetse mapemphero. Aikeni mphindi 15 belu la piriyodi yoyamba lisanalire, ndipo chapelo chachitali chikhale kamodzi pasabata, cholembedwa pa thayimutebulo. Mlaliki wobwera muzimuuziratu pachipata nthawi yomwe belu lilire.

Koma mapemphero okha sangalepheretse silabasi yonse. Masikimu a teremu, ndondomeko za mitu imene mphunzitsi aliyense adzaphunzitse, afike pa tebulo lanu sukulu isanatsegulidwe, muwafananitse ndi silabasi ya ku MIE, bungwe lokonza masilabasi ku Domasi, mutu ndi mutu. Lachisanu lililonse sainani zimene mphunzitsi walemba kuti waphunzitsa. Musakhulupirire pepala lokha. Lowani m'kalasi, tolani makope 5 mwachisawawa, awiri akhale a ana okhala kumbuyo. Sikimu ikati mutu wa maperesenti watha koma m'kope muli tsiku ndi mutu basi, pansi pake pali poyera, mutuwo sunaphunzitsidwe. Muziwoneranso phunziro la mphunzitsi aliyense kawiri pateremu, ndipo PEA wa zoni yanu muitaneni adzaone nanu.

Sitandade 8 imalize silabasi pofika kumapeto kwa teremu yachiwiri, chifukwa PSLCE imalembedwa chaka cha sukulu chisanathe, ndipo sabata zotsalazo n'zobwereza ndi mapepala akale a MANEB. Mudzapeza kuti mabowo ambiri anabooka ku Sitandade 5 ndi 6, kumene palibe amayang'anako. Makope oyamba kutola akhale a kumeneko.

Ku bodi muzipereka tsamba limodzi pateremu: phunziro lililonse, mitu yokonzedwa, mitu yophunzitsidwa, chifukwa cha yotsalayo.

Za ACE, afunseni makolowo kuti ana adzalemba mayeso ati. MANEB imafunsa za m'silabasi ya MIE, ndipo timabuku ta ACE totchedwa PACE, tomwe mwana amadziwerengera yekha, sitinalembedwe motsata silabasi imeneyo. Bible Knowledge ilimo kale m'maphunziro a dziko lino. Ipatseni mphunzitsi woidziwa, osati aliyense amene piriyodi yake yapezeka yopanda kanthu.