Funsani Mayi Namwino: Agogo akufuna kucheza, ntchito ikundidikira

FUNSO: Zikomo amayi. Ndine wophunzira unamwino wa chaka chachiwiri, ndipo panopa atitumiza kuwodi ya amayi pachipatala china cha boma. M'mawa amandipatsa odwala 12 oti ndiwayeze. Pali agogo ena pabedi la pakona amene ndikangofika amandigwira dzanja n'kuyamba kusimba za adzukulu awo. Ndikakhala nawo, nthawi ya mankhwala imakwana ndisanamalize, asisitala n'kundikalipira. Ndikawadula pakamwa, mtima umandipweteka tsiku lonse. Nditani?

Wophunzira wodandaula

YANKHO: Mwana wanga, mtima umenewo usautaye. Koma imva kaye zimene zinandichitikira ine ndili pamsinkhu wakowu.

Tsiku lina ndinatha theka la ola ndi mayi wina wokonda nthabwala. Chapafupi, pamatiresi a pansi, panagona mayi wina atafunda chitenje mpaka kumutu. Ndinkati ali m'tulo. Gadiyani wake anali atapita kukaphika phala. Asisitala podutsa anavundukula chitenje chija, n'kupeza thukuta lili kamukamu, munthu sakuyankha. Anali wa matenda a shuga, ndipo shuga anali atatsika kwambiri. Anapulumuka, koma manja anga ananjenjemera mpaka madzulo. Kuyambira pamenepo ndimaopa wodwala amene wangoti zii kuposa amene akubuula.

Ndiye mukangolandirana ntchito ndi a usiku, usathamangire makina a BP. Zungulira kaye odwala ako onse kwa mphindi zisanu, ukupereka moni bedi ndi bedi. Maso akhale pa dripi ngati ikudontha, pa thumba la mkodzo, pa kapumidwe. Munthu wamkulu akagona phee amapuma ka 12 mpaka ka 20 pa mphindi. Wopitirira apo, kapena wosayankha bwino moni, yamba ndi iyeyo ndipo uwadziwitse asisitala. Ine ndimayenda ndi kapepala m'thumba la yunifolomu: nambala ya bedi, chofunika, ndi ola lake. Amene satha kudzitembenuza ndimamulemba maola awiri aliwonse, kuopa zilonda za pabedi.

Tsono za agogowo. Kucheza ndi wodwala kumatheka manja akugwira ntchito. Pamene ukuwayeza kutentha kwa thupi kapena kukonza bedi, afunse: "Mwagona bwanji agogo? Phala mwamwa? Kuchimbudzi mwapitako?" Iwo aona kuti mwacheza, iwe wapeza zolemba m'fayilo. Pa BP pokha apemphe akhale chete, chifukwa kulankhula kumakweza manambala. Ukatha kuwerenga kugunda kwa mtima, zala zikhalebe padzanja lawo uku ukuwerenga kapumidwe; akadziwa kuti ukuwayang'ana pachifuwa amasintha kupuma.

Nkhani ya adzukulu ikayamba, gwada pang'ono, uwayang'ane kumaso, unene kuti, "Agogo, ndithandize kaye anzanuwa, 11 koloko ikakwana ndibwera mudzandimalizire." Akuluakulu athu amamva ukawauza mwaulemu. Chimene chimawapweteka ndi "ndikubwera" wa bodza. Choncho 11 koloko ikakwana pita ndithu, ngakhale kwa mphindi zitatu.

Ukaona kuti watsalira, uwauze asisitala nthawi ikadalipo kuti, "Ndatsala ndi anayi," m'malo modikira kuti akupeze. Ndipo ndikupempha ndi mtima wonse, usadzalembe manambala a m'mutu pofuna kudzaza tchati. Adokotala amasintha mankhwala potengera zimene walembazo, ndipo nkhani ikafika ku Nurses and Midwives Council of Malawi, bungwe loyang'anira ntchito ya anamwino ndi azamba, fayilo yomweyo ndi imene imakhala mboni. Mankhwalanso, pamene udakali wophunzira, uzipereka namwino wovomerezeka ali pambali pako, ngakhale nthawi itathina chotani.

Mawa uonenso ngati kwa agogowo kumabwera owazonda. Ngati masana mbale za nsima zikulowa pamabedi ena, pawo pali zii, uwauze asisitala, ndipo upemphe gadiyani wa bedi loyandikana kuti aziwachezetsako iwe ukakhala kwina.