Kaphokoso ka "wiii" mukamatchaja foni nyimbo zikulira m'galimoto

Wowerenga wina wandilembera imelo. Ali ndi Toyota Sienta yochokera ku Japan. Akalumikiza foni ku wailesi ndi chingwe cha AUX, nyimbo zimamveka bwinobwino, koma akangobaya chaja m'soketi ya laitala, m'sipika mumayamba kaphokoso ka "wiii" kokwera akaponda mafuta. Akufunsa ngati sipika zaphulika.

Achimwene, musathamangire kugula sipika, zanuzo n'zamoyo. Vuto ndi loti foni yanu yagwirana ndi galimoto pawiri: kudzera pa chaja ndi kudzera pa AUX. Zikatero phokoso la magetsi ochokera ku alternator, chida chimene chimatchaja batire ya galimoto injini ikamayenda, limapeza njira yolowera m'chingwe cha nyimbocho, n'chifukwa chake limaimba motsatira injini. Amagetsi amati ground loop. Zulani chajayo injini ikuyenda. Kaphokosoko kakatha, mwagwira mbava.

Mankhwala ake ndi kabokosi kotchedwa ground loop isolator, kakang'ono kuposa bokosi la machesi, kopanda batire. Mumangokaika pakati pa foni ndi polowera AUX pa 3.5mm, basi. Ine ndinavutika miyezi itatu ndikusinthasintha zingwe, mpaka kukalipira wondiikira wailesi, osadziwa kuti wosalakwa.

Ena adzakuuzani kuti gulani FM transmitter, chida chotumiza nyimbo za m'foni ku wailesi ngati siteshoni ya FM. Ingathandize, koma kumbukirani kuti mawailesi akale a ku Japan amagwira kuyambira 76 mpaka 90 MHz, pomwe transmitter imayambira 87.5 kufika 108. Mpata womwe zikumana ndi wa pakati pa 87.5 ndi 90 wokha, ndipo masiteshoni alimo kale. Mumanyamuka ku Blantyre zili mbee, pofika ku Ntcheu mlaliki wakulowererani m'nyimbo. Kachida ka Bluetooth kolowetsa mu AUX ndiye kabwinoko, ngakhale mukamakatchajira m'soketi yomweyo "wiii" uja akhoza kubwerera.

Za kutchaja simunafunse, koma ndinena. USB ya pa wailesi zakale nthawi zambiri imatulutsa 0.5A yokha. Mukatsegula Google Maps, sikirini ikuwala, batire imatsika foni ili pa chingwe. Pezani chaja ya m'laitala ya 2.4A kapena kuposa, ndipo muigwire kaye m'manja. Yopepuka ngati chitsononkho isiyeni, zoterezo zimawonjezera phokoso.

Ndiponso foniyo ichotseni pa dashibodi. Dzuwa la Okutobala likaiwamba, imachepetsa yokha kutchaja kapena kusiyiratu, inu n'kumanamizira chaja.