Za pulogalamu yokana kusunga ija, amalume

Eee, amalume, mwaswera bwanji? Ndauona uthenga wanu pagulupa, uja mwati pulogalamu yanu yowerengetsera ija mukamaitseka ikumalemba kuti "Access is denied", ndiye mawa lake mukayatsa, zonse munasintha zabwerera pakale. Kulemba kutalika, bola ndingolankhula.

Mtima ukhale m'malo, kompyuta sinaonongeke ayi. Pulogalamu ngati yanuyo imakhala ndi kafayilo kake komwe imalembamo zomwe mwasankha, monga chilankhulo, kukula kwa zilembo, printa yomwe mumagwiritsa ntchito. Potseka imafuna kulemba m'kafayiloko, ndiye Windows ikuikaniza. Nkhani yonse yagona pamalo pomwe kafayiloko kali.

Pachithunzi mwatumiza chija ndaona kuti kali mu C, mkati mwa Program Files, foda yomwe mapulogalamu amaikidwamo. Vuto ndi limenelo. Nthawi ya Windows XP anthu ambiri ankagwira ntchito ngati administrator, kapena kuti mwini mphamvu zonse pakompyuta, tsiku lonse, ndiye pulogalamu inkalemba paliponse popanda woiletsa. Kuyambira pa Windows Vista mu 2007 zinasintha. Ngakhale akaunti yanu ikhale ya administrator, pulogalamu mukaiyatsa imayenda ndi mphamvu za munthu wamba, ndipo mu Program Files munthu wamba amangowerenga, kulembamo saloledwa. Mapulogalamu amasiku ano amasunga zawo mu AppData, mkati mwa foda ya dzina lanu. Yanuyo ndi yakale, ikadali ndi chizolowezi chosunga pomwe inaikidwa.

Ndaona achimwene ayankha kuti muziiyatsa ndi Run as administrator. Zigwiradi, sindikukana, ndipo yesani kamodzi, ikasunga bwinobwino tidziwa kuti vuto ndi la chilolezo basi. Koma chonde isakhale njira ya tsiku ndi tsiku. Pulogalamu ikufuna kulowa m'chipinda chimodzi, inu n'kuipatsa makiyi a nyumba yonse. Tsiku lomwe idzatsegule fayilo ya vairasi, vairasiyo idzapeza paliponse potsegula. Zimenezo ndi zomwe zikundidetsa nkhawa, poti mmenemo muli ntchito yanu ya zaka zambiri.

Ndiye chitani chonchi. Tsekani kaye pulogalamuyo, ndipo muonetsetse kuti yatsekekadi, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, ituluka Task Manager, yoonetsa mapulogalamu omwe akuyenda. Mukaipeza ikadalipo, dinani End task, chifukwa nthawi zina imatsalira kuseri itagwirira fayilo ija. Kenako kopani kafayiloko mukaike pa Desktop, kuti china chikalakwika tikhale ndi pobwerera.

Tsopano dinani kafayiloko ndi batani lakumanja la mausi, musankhe Properties. Cham'munsi muona kabokosi kolembedwa Read-only. Ngati muli chizindikiro, chichotseni. Kabokosi kameneko musakaderere, ine kanandidyerapo usiku wonse pakompyuta ya kuntchito. Mafayilo ake tinawakopera kuchokera pa CD, onse anabwera ali ochonga, ine n'kumafunafuna vuto kwina.

Zikapitirira, bwererani mmbuyo kamodzi mufike pafoda ya pulogalamuyo. Foda yake yokhayo, amalume, osati Program Files yonse, ndikubwereza dala. Batani lakumanja, Properties, kenako Security, kenako Edit. Pamndandanda wa maina sankhani Users, m'munsimo muchonge Modify kumbali ya Allow, mudine Apply. Ikakufunsani ngati mukuvomera, vomerani. Full control isiyeni, sikufunika. Mukatero yatsani pulogalamu mwa masiku onse, musinthe kanthu kamodzi, muitseke, muyatsenso, muone ngati yakumbukira.

Oh, ndatsala pang'ono kuiwala. Mumenyu ya pulogalamuyo, kuma Options kapena Settings, onani ngati pali posankha komwe izisunga mafayilo ake. Ngati palipo, isankhireni foda ya pansi pa dzina lanu, ndiye za Security zonsezi simuzikhudzanso. Kungoti mukasankha Documents n'kukananso, wotchingayo angakhale Controlled folder access. Imapezeka mu Windows Security, pa Ransomware protection, ndipo ikayatsidwa imaletsa mapulogalamu omwe siikuwadziwa kulemba mu Documents. Musaizimitse, pali poti Allow an app, muonjezerepo yanuyo.

Mukafika pa Security paja n'kuona kuti zikusokoneza, musadine kanthu, ingojambulani munditumizire. Ndiweruka cha m'ma 6 koloko, ndikuimbirani pa video tichitire limodzi. Mupereke moni kwa azakhali.